Yadi imodzi ku Malangalanga

Amene munafikako ku Tsoka mukuidziwa milatho yamatabwa ija yowolokera ku Lizulu, yomwe umalipira kandalama kwa mwini mlatho usanatsike. Mvula ikakula madzi amaikokolola, dzuwa likawala eni ake amakhomanso ina. Benchi yanga ili chapafupi ndi umodzi mwa milatho imeneyi. Ndimagulitsa kaunjika wa ana, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi ndili pamalo omwewo. Pa mlathopo ndi pomwe azungu amakonda kuima. Amabwera atatu kapena anayi, zikwama atazikumbatira kutsogolo ngati mwana wodwala, patsogolo pawo pali mnyamata wa konkuno akuwalankhulira Chingerezi chothamanga. Ndamumvapo kangapo zomwe amawauza. Uno ndi msika, zinthu n'zotchipa, samalani mafoni. Basi. Kenako amajambula mtsinje ndi zinyalala zake, amajambula ife, n'kumapita.

Sindibisa, zinkandinyansa. Munthu wadzuka 4 koloko ku Kawale, wasita timadiresi ndi simbi yamakala, walimbana ndi kondakitala, wina n'kubwera kudzakuloza ndi kamera ngati nyani wa ku Wildlife Centre. Ndikawaona ndinkatembenuka n'kuwapatsa msana.

Mu June, kukuzizira, kunabwera mayi wina wachizungu ali yekha, wopanda kamera. Anagula majuzi awiri a mwana wa mlonda wa komwe ankakhala. Sananenerere, zomwe zinandipatsa manyazi pang'ono chifukwa mtengo ndinali nditaukweza. Sabata yotsatira anabweranso, ndipo ulendo wachitatu anakhala pa belo n'kuyamba kucheza. Anali wa ku Poland, anabwera kudzathandiza bungwe lina kwa miyezi itatu. Nditamufunsa ntchito yake yeniyeni anati kwawo, mumzinda wa Kraków, amayendetsa alendo wapansi. M'mawa amaima pabwalo ndi ambulera yowala, anthu a m'maiko osiyanasiyana n'kusonkhana, iye n'kuwayendetsa maola awiri kapena atatu m'mbali yakale ya mzindawo akuwafotokozera za msewu uliwonse. Pomaliza aliyense amapereka yomwe mtima wake wafuna.

Ndinati, "Nde mumadya za pakamwa basi?" Anaseka. Kenako anandifunsa ngati ndingamuyendetse ineyo m'tauni yakale ya kuno. Anati sakufuna mnyamata wa ku loji, akufuna munthu amene amaponda panopo tsiku ndi tsiku. Anatchula ndalama yomwe pa benchi ndimaipeza masiku atatu zinthu zikayenda bwino. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Usiku umenewo ndinagona chagada n'kuyamba kuyeserera zokanena. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndadzitengera ngongole. Tauni ndimaidziwa, inde. Ndimadziwa komwe shuga amatsikirako mtengo, chimbudzi chomwe chimakhala ndi madzi, ngodya yomwe suyenera kuyankhira foni. Koma woti anamanga mashopu a makonde aataliatali aja ndani, liti, chifukwa chiyani ali tsidya lino osati linalo, ndinalibe yankho. Hisitole ndinakhoza bwino pa MSCE. Mundifunse za Chilembwe mu 1915, za Chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, ngakhale za Hitler, ndikuyankhani. Za Lilongwe ndinatuluka ndi mzere umodzi wokha: likulu linachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975.

M'mawa mwake ndinasiya mng'ono wanga pa benchi n'kupita ku Biwi kwa agogo, bambo awo a mayi anga. Ali ndi zaka 85, diso limodzi linachita ng'ala, koma mutu uli bwinobwino. Ndinkadziwa kuti kale anali telala m'tauni, ngati mmene umadziwira kuti agogo ako ali ndi chipsera pamwendo osafunsa kuti chinabwera bwanji. Nditawafotokozera anakhala chete, kenako anati, "Mkazi wanga, iwe ukamunamiza mzunguyo. Lamulungu undidzere." Ndinayesa kuwakaniza kuti mtunda ndi wautali. Anati mtunda umenewo anauyenda zaka zoposa makumi awiri makina ali pamutu.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinawapeza atavala kale jekete yawo ya pa maukwati. Anasoka okha, ndipo mpaka lero msoko sunaphwasuke. Tinakumana ndi mlendo uja pa positi ofesi, paja pamakhala a ziboliboli. Ine ndinali nditagula bandulo n'kuloweza za pa intaneti, nde ndinayamba ngati mwana wa sitandade 8 pa asembule. Malo ano anali a mfumu Njewa. Atsamunda anakhazikitsa boma pano mu 1904. Posakhalitsa kunafika amwenye ochita malonda. M'zaka za m'ma 1920 fodya wa chikopa anakulitsa malowa. Mu 1947 anawatcha tauni. Mu 1975 likulu. Mphindi zitatu sizinakwane, katundu wanga yense anathera pomwepo.

Agogo anati, "Wamaliza? Tamufunsa ngati akudziwa chifukwa chake chipatala chija tinkachitcha Bottom."

Mlendoyo samadziwa. Inenso sindimadziwa, ndipo ndinabadwira momwemo. Ana anga awiri ndinachirira momwemo dzina litasintha kale kukhala Bwaila. Agogo anakweza ndodo kuloza kumtunda, cha ku Area 3. Kumeneko, anatero, n'komwe kunkakhala azungu, ndi bwalo lawo la gofu, ndi chipatala chawo chomwe chinkatchedwa Top. Cha anthu akuda chinali kumunsi, kutsidya kwa mtsinje. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti "ku Bottom" osadzifunsa kuti ngati kuli pansi, pamwamba pake pali ndani. Kenako anajambula pansi ndi ndodo. Mzere uwu ndi mtsinje. Tsidya lino boma, polisi ndi nyumba za azungu. Tsidya linalo mashopu a amwenye ndi msika. Kumbuyo kwa amwenyewo, komwe fumbi limathera, ife: Mchesi, Biwi, Kawale. Anati tauniyi anaiyala ngati mmene amakhalira anthu pamaliro a munthu wolemera, ena m'nyumba, ena pakhonde, ena pansi pa mtengo.

Ine ntchito yanga inasanduka yomasulira. Ndipo ndinene pano, kumasulira nkhalamba ya Chichewa chakale ndi Chingerezi cha Fomu 4 si masewera. Pena ndinkangoti "akuti zinali zovuta", agogo n'kundiyang'ana ndi diso labwinolo kuti anena zambiri kuposa pamenepo.

Tinawoloka pa mlatho waukulu pang'onopang'ono, tikupuma. Pa mzikiti agogo anaima. Anati ine ndimangoti amwenye, amwenye, ngati ndi anthu a bere limodzi, pomwe ena ndi Asilamu, ena ndi Ahindu okhala ndi kachisi wawo, ndipo ambiri makolo awo anachokera dera lotchedwa Gujarat ku India. Bwana wawo anali Mhindu, nyama sankadya ngakhale pa Khirisimasi. Zimenezi ankazidziwa chifukwa kalelo, asanasamukire m'tauni, ankabwera kuno pa lole ya bwanayo kudzatenga katundu wa sitolo ya ku Nathenje.

Pofika mu msewu wa Malangalanga miyendo inali itawakana. Poti linali Lamulungu masana, mashopu ambiri anali otseka, phokoso lochepa, nde kwa nthawi yoyamba ndinaona nyumbazo osati katundu wa m'menemo. Zina ndi zatsopano, zosanjikizana, magalasi a buluu. Pakati pake patsala zakale zochepa, zazifupi, malata adzimbiri, khonde lotambalala lokhala ndi nsanamira. Agogo anatidutsitsa ziwiri n'kukakhala pansi pakhonde la yachitatu, osapempha, ngati afika pakwawo.

Tikupuma choncho ndinaona mlendo uja akuyang'anitsitsa felemu ya chitseko cha sitoloyo. Inali yathabwa, yakale, utoto utapakidwa pamwamba pa utoto unzake kambirimbiri. Anayendetsa chala mbali ya kudzanja lamanja, chakumtunda, kenako anadziseka yekha. Anati ndi chizolowezi cha ntchito, akaona chitseko chakale dzanja limangopita lokha. Ndipo anatifotokozera.

Mbali ya mzinda wake yomwe amayendetsamo alendo imatchedwa Kazimierz. Ayuda anakhalamo zaka zoposa 400, ndi masunagoge awo, masukulu, misika ndi manda. Nkhondo isanayambe mu 1939, ku Kraków kunali Ayuda pafupifupi 60,000, kutanthauza kuti pa anthu anayi alionse mmodzi anali Myuda. Asilikali a Hitler atalanda mzindawo anathamangitsa ambiri, ndipo mu March 1941 otsalawo anawawolotsa mtsinje n'kukawatsekera kudera lotchedwa Podgórze, atalizinga ndi khoma. Pofika March 1943 anali atawachotsamo onse. Ena anawawombera m'misewu momwemo, ena anawatumiza kumisasa yophera anthu monga Bełżec ndi Auschwitz. Pabwalo pomwe ankawasonkhanitsa lero anaikapo mipando yachitsulo yopanda wokhalapo. Ku manda akale a pa sunagoge wa Remuh kuli khoma lomangidwa ndi zidutswa za miyala ya pamanda yomwe inaphwanyidwa nthawi ya nkhondoyo.

Agogo anandidula. "Ayuda ake ati? A m'Baibulo omwe?"

"Zidzukulu zawo, agogo."

"Nanga pachitsekopo amafunapo chiyani?"

Mlendoyo anati Ayuda amakhoma kabokosi kakang'ono pafelemu ya chitseko, kudzanja lamanja polowa, mopendekeka, mkati mwake muli mawu a m'buku la Deuteronomo. Eni nyumba atapita, timabokosito tinazulidwa, koma m'nyumba zina kamphako kake kanatsala. Nde iye akamayendetsa alendo amaima pachitseko chotero n'kuwauza kuti agwirepo. Anati masunagoge anthu amajambula n'kupitirira, koma pakamphakopo ambiri amasiya kulankhula. Kuchokera pomwe kunatuluka kanema wa Schindler's List mu 1993, yemwe mbali ina anajambulira m'misewu yomweyo, alendo anachuluka kwambiri. Pano kuli malo odyera olembedwa zilembo zooneka ngati za Chiheberi, oyimba nyimbo za Chiyuda madzulo, pomwe Ayuda okhala mumzindamo ndi ochepa zedi. Anati masiku ena amadzifunsa ngati akuphunzitsa anthu kapena akugulitsa maliro a eni ake.

Kenako ananena chinthu chomwe sindinkayembekezera. Iye si Myuda. Agogo ake aakazi analowa m'nyumba ina ya ku Kazimierz nkhondo itangotha, ndipo anapezamo tebulo ndi kabati. Mayi ake anakulira pa tebulo limenelo, iyenso anadyerapo. Zaka zoyamba za ntchito yake sankaitchula nkhaniyi kwa alendo. Pano amaitchula, ndipo akuti tsiku lomwe waitchula ena amapereka zochepa.

Nditamasulira zimenezi agogo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana msewu. Ndinkaganiza kuti atopa. Kenako anati, "Umuuze kuti inenso ndinaomba m'manja."

Nkhani yomwe inatsatira sindinaimvepo m'banja mwathu, ngakhale kwa mayi anga. Agogo anayamba kusoka pakhonde la mmwenye ku Nathenje ali mnyamata, nthawi ya mapaundi ndi mashilingi, kwacha isanabwere mu 1971. Munthu ankagula nsalu m'sitolo, n'kutuluka nayo pakhonde, telala n'kumuyeza pomwepo. Nyengo yogulitsa fodya ankasoka mpaka usiku ndi nyali. Koma makina anali a bwana, ndipo malipiro anali oti pofika pakati pa mwezi wayamba kale kukongola mchere m'sitolo momwemo. Zaka khumi ndi zisanu sanalowepo m'zipinda za kuseri komwe banjalo linkakhala. Madzi ankamwera m'kapu yachitini yomwe inkapachikidwa pa msomali panja. Mwana wa bwana, yemwe anamuona akukwawa, atakula ankawaitana ndi dzina lawo lenileni ngati mnzake.

Nde mu 1970 Kamuzu atanena kuti malonda a kumidzi akhale a Amalawi, amwenye apite m'tauni, agogo anali pamsonkhano ndipo anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Sanawakakamize ayufi, anatero. Anaomba ndi mtima wonse. M'mutu mwawo ankadziona ali kuseri kwa kauntala. Zinatenga zaka, ena anachoka msanga, ena anazengereza, koma pofika 1978 mmwenye sankaloledwanso kuchita malonda kunja kwa mizinda ikuluikulu. Tsiku lomwe bwana wawo ankapakira katundu pa lole, agogo anathandiza kunyamula. Mkazi wa bwana ankalira, chifukwa ana ake onse anabadwira pamenepo ndipo mmodzi anamuika m'manda ali khanda. Agogo akuti anamuona akulira, koma maso awo anali pa makiyi.

Makiyi anapita kwa munthu wina wodziwika m'chipani. Mvula ziwiri sizinathe, mashelefu anali mbee. Munthuyo analibe mpamba, analibe womukongoza katundu m'tauni ngati mmene amwenye ankachitirana okhaokha. Palafini, mchere, ulusi, singano, zonse zinayamba kufuna ulendo. Pakhonde panalibenso nsalu yoti telala asoke. Agogo anali ndi ana anayi, mayi anga ali wachiwiri. Anagulitsa mbuzi ziwiri n'kukwera basi ya m'tauni kudzafunafuna munthu yemwe anamuombera m'manja pochoka.

Anamupeza pa sitolo yomwe tinakhalapoyi. Akuti bwanayo ankadziwa bwinobwino amene anaomba m'manja, Nathenje si London. Sanatchulepo kanthu. Anangoti malo pakhonde alipo, koma tsopano azilipira lendi, ndipo makina awagule pang'onopang'ono akhale awoawo. Agogo akuti mpaka lero amalephera kugamula ngati chinali chifundo kapena kuwerengera, chifukwa telala pakhonde amakoka ogula nsalu. Anamaliza kulipira makinawo m'zaka zitatu. Ndi makina amenewo anaumba zidina ku Biwi, n'kuitanitsa banja. Kapu yachitini ija inawatsatira m'tauni, inangosintha msomali.

Apa ndiime kaye, pasapezeke wondimva molakwa. Sindikufanizira zomwe zinachitikira amwenye kuno ndi zomwe zinachitikira Ayuda. Kumeneko kunafa anthu 6 miliyoni. Kuno anthu anachoka ndi malole awo, ena anapita ku Britain, ambiri otsala analemera m'tauni kuposa mmene akanalemerera ku Nathenje. Mlendo uja ndi amene anayamba kunena zimenezi, ndipo ananena mwamphamvu. Chomwe chinawagwirizanitsa awiriwa pakhonde paja n'chaching'ono. Mmodzi anadyera pa tebulo la anthu ochotsedwa, wina anayang'anitsitsa makiyi, ndipo onse anatenga zaka asanazitchule.

Ine ndinkamasulira, koma m'mimba munkandiwotcha, chifukwa nanenso ndili ndi zanga. Mu February 2025 ife a kaunjika tinayenda kuchoka ku Tsoka mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa cha mitengo ya mabelo. Kuyambira pomwe kwacha inagwa mu November 2023, belo linkakwera ngati lili ndi mapiko, lero mtengo wina, Lachisanu wina. Sindikubweza, ulendo umene uja ndikhoza kuuyendanso mawa. Umaoda belo ndi ndalama ya banki m'khonde, kulitsegula n'kupeza theka ndi zosagulitsika, wokugulitsayo n'kukuuza kuti katundu akatuluka sabwerera. Koma mawu ena omwe ndinakuwa tsiku limenelo sindingawalembe pano. Sindinkakuwira munthu amene anandigulitsa belo loipa, ndinkakuwira mtundu. Chonsecho ogulitsa mabelowo ena ndi amwenye, ena anachokera ku China, ena ndi Amalawi akuda ngati ine, opemphera nafe. Akanati abwere wina tsiku limenelo n'kunena kuti mawa onse achoke, ndikudziwa chomwe manja anga akanachita.

Agogo anagwira nsanamira n'kuimirira. Anati, "Iyeyu amaonetsa anthu mabowo a pachitseko eti? Abwere aone langa." Anapita pafelemu ija, mbali ya kumanzere, n'kuyamba kupapasa chifukwa diso silimawathandiza. Anapeza kamzere kozama kodulidwa ndi mpeni, chapafupi ndi m'chiuno mwawo. Anakwezanso dzanja, n'kupeza kena kumtunda. Utoto unali utadzazamo koma chala chinkamva. Kuchoka apa kufika apa, anatero, ndi yadi imodzi. Tepi yawo inkasowasowa, ana a bwana ankaseweretsa, nde tsiku lina anangodula felemu. Bwana anawadula malipiro a madiresi awiri chifukwa choononga chitseko, kenako naye anayamba kuyezera pomwepo.

Mlendoyo anagwira. Inenso ndinagwira. Pakhonde limeneli ndadutsapo kosawerengeka ndi belo pamutu, ndinabisalapo mvula, tsiku lina ndinakanganirapo ndi wa kabaza.

Zikanathera pamenepo ndikanapita kunyumba mtima uli myaa, ndikudziona ngati mdzukulu wabwino. Koma mlendoyo anafunsa funso lomaliza, loti anasiyiranji kusoka. Ine ndinali wokonzeka kuyankha ndekha kuti ndi maso. Agogo anandiloza ndi ndodo.

"Anandichotsa ntchito ndi uyu."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala zawo za masiku onse. Anati ndimasulire. Kale nsalu zambiri zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, ndipo munthu akafuna shati ankagula nsalu n'kupita kwa telala. Matipate atabwera mu 1994 zipata za malonda zinatseguka, kaunjika anasefukira m'misika yonse. Shati yosokasoka ya ku Ulaya inkagulidwa mtengo wosakwana ndi nsalu yomwe, osawerengera ulusi ndi thukuta. Makonde omwe ankalira makina kuyambira kumtunda mpaka kumunsi anayamba kukhala chete mmodzimmodzi. Agogo anatsala ndi mayunifolomu a sukulu mu January, zilundu za amayi a mvano, ndi kuchepetsa mathalauza a kaunjika yemweyo. Akuti ntchito yochepetsayo ndi imene inawapweteka mtima. Munthu wodziwa kudula suti kuchokera pa nsalu, n'kumakhalira kupinda miyendo ya thalauza la mzungu wakufa. Mu 1999 ananyamula makina awo kubwerera ku Biwi. Maso anadzafooka pambuyo.

Ananena akuseka, koma ine Chingerezi chinandithera. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuwapititsira majuzi a m'belo nthawi yozizira, iwo n'kumalandira ndi manja awiri, "zikomo mkazi wanga", kenako n'kutembenuza kuona msoko. Ndinkayesa akusirira. Ndi kaunjika yemweyo amene amawagulira mankhwala a BP mwezi ndi mwezi, ndi amene akulipirira mwana wanga woyamba ku sekondale. Sindinganame kuti ndinaganiza zosiya. Lolemba m'mawa ndinali pa benchi, ndikukuwa mitengo ngati kale.

Pobwerera tinawakweza agogo kabaza mpaka pa depoti. Mlendo uja anandipatsa envelopu. Tisanakwere minibasi agogo anaitenga, anawerenga ndi diso limodzi, n'kundibwezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Anati ngakhale kukhoti womasulira salandira ngati woweruza.

Mlendoyo anabwerera kwawo mu August. Ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha chitseko chimodzi cha ku Kazimierz, chala chake chili pakamphako. Ndinakawaonetsa agogo, anayandikitsa foni pamphuno, n'kunena kuti mmisiri amene anapanga felemuyo ankaidziwa ntchito.

Mnyamata woyendetsa azungu uja ndinamuitana tsiku lina pa benchi. Ndinamuuza za Top ndi Bottom, za mtsinje, za makonde. Za Bottom anazikonda, pano ndimamumva akuzinena pa mlatho, ngakhale amawonjezera zake. Za amwenye anati n'zovuta, azungu safuna nkhani zopanda wolakwa mmodzi wodziwika, komanso iye amawalowetsa m'masitolo omwewo kukagula zitenje ndipo eni ake amamupatsa kangachepe. Sindinamutsutse. Aliyense ali ndi belo lake.

Mu October ndikuchokera kooda ndinapeza sitolo ija itazingidwa ndi malata. Denga linali litachoka kale, anyamata ali pamwamba pa khoma ndi nyundo. Ndinatsitsa belo pansi n'kufunsa kapitawo za felemu ya chitseko cha kutsogolo. Anati matabwa onse analonjeza kale kwa wa chiwaya cha tchipisi. Tinanenererana ngati pamsika, iye akudabwa kuti mayi wa kaunjika akulimbirana chiyani ndi nkhuni. Ndinagula mbali imodzi yokha, ya kumanzere, pa mtengo wa timadiresi tinayi. Wa kabaza anakana kuinyamula pamodzi ndi belo, nde ndinayenda maulendo awiri.

Ku Kawale alandilodi anafunsa ngati ndayamba kumanga. Ndinaipititsa ku Biwi. Agogo anaipapasa kuchoka pa kamzere kena kufika pa kena, kenako anatumiza mwana kukabwereka tepi kwa telala wa pa msika. Inakwana masentimita 91 ndi kachidutswa. Anati ndisaiimike pansi chifukwa cha chiswe, ndikapemphe oyilo wakuda kwa amakanika ndipake kumunsi kwake, koma ndisayerekeze kupaka pa timizereto.